Chifuwa Chimene Ndinamva Pakhomo

Ndine nesi, ndipo ntchitoyi ndaigwira ku Dudley kuno zaka zambiri ndithu. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti pasapezeke wondimvera chisoni n'kumati mwina sindinkadziwa. Ndinkadziwa. Ku wodi kwathu mlendo akabwera kudzaona wodwala ali ndi chimfine, anzanga amatuma ine kukamubweza, ati nkhope yanga siichita manyazi ndi munthu. Ndinabwezapo bambo wina wokalamba atanyamula maluwa, mkazi wake akumuyang'ana pa galasi, ndipo tsiku limenelo chakudya changa chamasana ndinadya bwinobwino.

Achemwali anga anabwera ku England mochedwa, atapitirira kale zaka makumi asanu, pa viza ya ntchito yosamalira okalamba. Kwathu ku Ntcheu anali mphunzitsi wa sitandade 3, ndipo ndi iwo amene anandilera mayi athu atamwalira. Kuno ankakhala ku Whitmore Reans, dera la mu Wolverhampton, m'kachipinda kapamwamba m'nyumba imene ankagawana ndi atsikana awiri a ku Zambia, ndipo ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa nkhalamba zachizungu. Sankadandaula. Ankati ana a sitandade 3 ndi nkhalamba za ku Wolverhampton n'chimodzimodzi, onse amabisa mabisiketi m'matumba ndipo onse amakana kusamba.

Mimba itayamba kutupa anati ndi buledi wa kuno. Yunifolomu itayamba kuwathina, amayi a kutchalitchi ankawaseka kuti kodi ndi pathupi pa ukalamba, mwini wake ndani, iwo n'kumaseka nawo. Nanenso ndinaseka, nesi ine. Pamene tinkapita kukaunikitsa n'kuti patapita miyezi, ndipo anapeza khansa ya m'thumba la mazira itafalikira kale m'mimba. Anawachita opaleshoni, anawapatsa kemo, mankhwala amphamvu a khansa aja, tsitsi linathothoka, linameranso, tinakathokoza Mulungu kutchalitchi. Chaka chisanathe matenda anabwerera. Kemo wachiwiri anagwira pang'ono, wachitatu sanagwire n'komwe. Dokotala anatiuza ndi Chingerezi chake chofewa kuti khansayo yasiya kumva mankhwala. Apa n'kuti achemwali atasiya kupita kuntchito, atasamukira kwanga, akugona m'chipinda cha mwana wanga wamkazi amene anali ku yunivesite.

Dokotala yemweyo ndi amene anatitumiza ku chipatala china chachikulu ku Birmingham, kumene kunali kafukufuku. Dokotala wa kafukufukuyo anali mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, ndipo anatijambulira papepala. Anati m'kati mwa chotupa momwemo mumakhala asilikali a m'thupi amene anamuzindikira mdani n'kulowa kukamenyana naye, kungoti ndi ochepa ndiponso otopa. Iwo adzadula kachidutswa ka chotupacho, adzatulutsamo asilikaliwo, adzawaweta ku labotale kwa milungu ingapo mpaka atachuluka zedi, kenako adzawasunga mu firiji yozizira kwambiri. Tsiku likakwana achemwali adzagonekedwa, adzapatsidwa kemo wamphamvu wa masiku angapo wolambula malo, ndipo asilikali awo omwe adzabwezedwa m'thupi kudzera mu diripi.

Sanatinamize. Anati njirayi ikadali yoyesa, sakudziwa ngati ithandize, kwa ena siichita kanthu, ndipo ikhoza kudwalitsa koopsa. Ine mutu unali utaima. Achemwali analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali ngati akuchonga ntchito ya mwana, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndiye kuti ana angawa akupita ku boarding?"

"Eya, achemwali."

"Chabwino. Ndipatse cholembera."

Anasaina. Opaleshoni yodula kachidutswa ija inayenda bwino, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumba mwanga munalowanso kuseka. M'mawa uliwonse ankandifunsa ngati ndamva za ana awo, ngati akudya, ngati akukhoza. Anayambanso kufunsa mitengo ya nsapato. Munthu amene mwezi wathawo ankandiuza nyimbo zoti zidzaimbidwe pamaliro ake anayamba kukangana nane za mtundu wa makatani.

Panali lamulo limodzi lalikulu. Kemo wolambula malo uja amapha chitetezo chonse cha m'thupi, choncho sapatsidwa kwa munthu amene ali ndi matenda ena alionse, ngakhale chifuwa. Tsiku logonekedwa achemwali anayenera kufika opanda kutentha thupi, akudya, akuyenda okha. Chitetezo chawo chinali chofooka kale chifukwa cha makemo atatu aja. Nesi wa kafukufukuyo anatifotokozera zonsezi, anatipatsa kapepala, kenako anandimwetulira.

"You're a nurse, I don't need to tell you," anatero. Ankatanthauza kuti achemwali ali ndi mwayi, m'nyumba muli wodziwa.

Ndinasanduka wapolisi. Ndikaweruka ndinkavulira yunifolomu pakhomo lakuseri, kusamba, ndiye kukawapatsa moni. Mwamuna wanga atayetsemula kamodzi ndinamugoneka kwa mnzake masiku atatu. Kutchalitchi tinasiya kupita, tinkamvera pa foni. Zitseko, mipope, ma rimoti, chilichonse ndinkapukuta mpaka manja anga anasenda.

Chinatsala n'chimodzi, kuuza anthu athu kuti asabwere.

Amene sanakulire kwathu sangamvetse kuti mawu amenewa ndi olemera bwanji. Kwathu munthu akadwala timapita kukamuzonda. Sitiimba foni kufunsa ngati tingabwere, timangonyamuka. Amene sanapite amakumbukiridwa zaka ndi zaka, ndipo amene wabweza ozonda pakhomo ndiye kaya, sindinamuonepo. Kuno ku England mwambowu unakula kuposa kwathu, chifukwa tilibe azakhali kapena atsibweni, abale athu ndi amayi a kutchalitchi omwewo. Achemwali enieniwo ndiwo anali katswiri wozonda odwala. Atatopa ndi shifiti ankakwera tramu, kasitima ka m'tauni, mpaka ku West Bromwich ndi botolo la thobwa kukaona munthu amene anangomuona kawiri.

Ndiye ndinalemba uthenga pa gulu la pa foni la amayi a kutchalitchi. Ndinaulemba, kuufufuta, kuulembanso. Ku wodi ndikanangoti alendo ayi, mawu awiri, nkhani yatha. Koma m'Chichewa ndinalemba kuti tikuthokoza kwambiri chifukwa cha chikondi ndi mapemphero anu, pakadali pano madokotala akuti achemwali apumuleko, tipitirize kuwakumbukira m'mapemphero kulikonse kumene tili. Ndinaona ngati ndanena. Mawu akuti musabwere munalibemo, ndinawazungulira ngati chithaphwi. Mayankho anabwera a ameni okhaokha ndi timanja topemphera. Ndinamva pambuyo pake kuti iwo anawerenga kuti matenda akula, m'bale wathu wathedwa nzeru, tiyeni tikamulimbikitse.

Ku Birmingham anaimba foni kuti asilikali aja akonzeka, bedi lapezeka, tibwere Lachinayi.

Lamulungu la sabata imeneyo kunkagwa kamvula kosalekeza kaja. Inali cha m'ma 2 koloko masana. Nyumba yanga ndi ya mumdadada, chitseko cha kumsewu chimatsegukira m'balaza momwemo, ndipo achemwali anali pa sofa atafunda bulangete, akupinda zovala zoti akagonere nazo kuchipatala. Ndinamva mawu ambiri panja, kenako kugogoda.

"Odi kuno! Odi eni nyumba!"

Pa galasi la chitseko ndinaona maambulera ndi zitenje zomangidwa pamwamba pa majekete. Anali amayi asanu ndi awiri. Kutsogolo kunali mayi wamkulu wa gulu lathu, amene ndiyenera kumufotokoza. Nditangofika kumene m'dziko lino, ndilibe pogona, ndilibe jekete, mayi ameneyu ananditenga pa siteshoni ya basi osandidziwa, n'kundisunga kunyumba kwake ku West Bromwich miyezi isanu. Anandiphunzitsa kukwera basi, anandiperekeza tsiku loyamba kuntchito, ndipo nditabereka ndi iye amene anasambitsa mwana wanga. Ndimamutchula kuti amayi, ndipo si mwamwambo chabe.

Ndisanagwire chitseko, amayiwo anatsokomola.

Zifuwa ndimazidziwa monga mmene makaniko amadziwira kulira kwa injini. Ichi sichinali cha fumbi kapena cha kuzizira. Chinali chonyowa, chochokera pansi, chokoka, chotsatizana katatu, chomaliza ndi kupuma kwa mluzu. Ku wodi munthu wotsokomola choncho sindimulola kudutsa ngakhale pa desiki. Ndinaima dzanja lili pa loko. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji, koma inakwana yoti ndiganize zonse, Lachinayi, firiji ya ku Birmingham, kumwetulira kwa nesi uja.

"Mwana wanga, tsegula, tikunyowa kuno!"

Ndinatsegula.

Ndinayesa, ngati kumeneko n'kuyesa. Ndinagwira dzanja lawo ndi manja awiri, mawondo atapindika, n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, chifuwacho bwanji?"

"Aa, ndi ka weather aka. Ndamwa kale paracetamol. Mabasi awiri takwera, mwana wanga, ndinati ngakhale ndikwawe, mwana wathu akalowe m'chipatala titamupempherera."

Anali atadutsa kale. Ena onse analowa pambuyo pawo akukutumula maambulera. Ndinathamangira ku kabati n'kutulutsa bokosi la mamasiki, ndipo mayi wina wa ku Zambia, wansangala zake, anaombetsa manja.

"Ah ah, a sister ayamba shift! Kodi tabwera ku ward kapena kunyumba?"

Onse anaseka. Nanenso ndinaseka, kuseka kwa munthu wamantha kuti angamunene kuti chizungu chamulowa. Bokosilo ndinaliika patebulo kuti wofuna atenge. Palibe anatenga. Patapita kanthawi wina anasanjikapo mbale ya mandasi.

Anachita zonse monga mwa mwambo. Aliyense anapita payekha kukagwira achemwali dzanja, mwadzuka bwanji, thupi likuti bwanji, pepani ndi matendawa. Amayi achifuwa aja anakhala pa sofa pomwepo, phewa kukhudza phewa. Wina anatseka kawindo kamene ndinkasiya kotsegula, ati wodwala angazizidwe. Anaimba nyimbo zinayi. Kenako amayi anaimirira, anasanjika manja onse awiri pamutu pa achemwali, nkhope pafupi ndi nkhope, n'kuyamba kupemphera. Amapemphera bwino amayi amenewa, sindingawachotsere. Anatchula chotupa, anatchula madokotala, anatchula asilikali a m'firiji, ndipo pakati pa mawu ankaima kuti atsokomole, ena n'kumati ameni kudikira kuti apitirize.

Nanga nesi anali kuti? Nesi anali kukhitchini akuwiritsa madzi a tiyi, akuwerenga makapu, akudandaula kuti shuga achepa. Ndinkamva chifuwacho kudutsa khoma. Kawiri konse ndinafika pakhomo la balaza mawu ali kukamwa, ndipo kawiri konse ndinafunsa kuti ndani amamwa wopanda mkaka.

Achemwali ankaimba nawo alito wawo uja, maso ali gwa kutseka, nkhope ikuwala. Ndinadzinamiza ndi nkhope imeneyo. Ndinati taonani mmene asangalalira, mwina izinso ndi mankhwala.

Anakhala maola awiri ndi theka. Atapita ndinatsegula mawindo onse, ndinapukuta tebulo, zitseko, mikono ya sofa, ndinachapa bulangete, ngati chitsiru chotseka khola mbuzi zili kale m'munda mwa eni. Achemwali ankangondiyang'ana. Anati, "Anaimba bwino," ine ndinati, "Eya," ndipo sitinakambenso za tsikulo.

Lolemba anali bwino. Lachiwiri anati kukhosi kukukanda. Lachitatu m'mawa ndinawapeza akunjenjemera, mano akugundana, thupi likutentha ngati mbaula. Chikwama chopita nacho ku Birmingham chinali chili pakhomo, ndipo ndi chomwecho chimene tinanyamula mu ambulansi kupita ku chipatala cha kwathu konkuno. Anati ndi chibayo, mapapo onse awiri.

Lachinayi, tsiku lathu lija, ndinaimba foni ku Birmingham ndili pakhonde la wodi. Nesi wa kafukufuku anandilimbitsa mtima, anati asilikali ali mu firiji, akhoza kudikira, chachikulu achemwali achire. Kenako anafunsa funso lawo la pa fomu, ngati achemwali anakhalako pafupi ndi munthu wodwala. Ndinayankha kuti ayi. Bodza limeneli linatuluka mosavuta, ndipo linandionetsa kuti pakamwa panga pamatha kunena ayi bwinobwino, bola likhale la Chingerezi ndipo wotetezedwa akhale ine.

Asilikali ankatha kudikira, koma khansa sinkadikira munthu. Achemwali anakhala m'chipatala milungu itatu, masiku ena ali pa mpweya. Chibayo chinatha, koma chinawasiya atatheratu, miyendo ngati timitengo. M'milungu yomweyo mimba inadzaza madzi, anawapopa, inadzazanso. Kenako anayamba kusanza chilichonse, ndipo atawaunika anapeza kuti chotupa chayamba kutseka matumbo.

Tinapitabe ku Birmingham. Achemwali anandiuza kuti ndiwaveke wigi yawo yabwino ndi diresi la buluu, ndiwapake ndi pakamwa pomwe. Ndinawakankha pa njinga ya odwala kuchokera pa galimoto, koma titafika pakhonde la madokotala anati ndiime.

"Ndiyenda ndekha. Andione ndikuyenda."

"Achemwali, mugwa."

"Iwe, bisa njingayo."

Anayenda. Ndinawerenga mapazi khumi ndi awiri, dzanja limodzi likukhudza khoma, msana uli chilili ngati akulowa m'kalasi. Anakhala pampando akupuma movutika, n'kumwetulira dokotala wamfupi uja. Dokotalayo anali ataona kale zotsatira za magazi ndi zithunzi. Anakoka mpando wake kufika pafupi, ndipo ine amene ndakhalapo m'zipinda zotere kambirimbiri ndinadziwa tanthauzo la kukoka mpando. Anati thupi lawo silingathenso kupirira kemo wolambula malo uja, akawapatsa awapha ndi manja awo. Anati pepani. Anati achoka mu kafukufuku.

Achemwali anafunsa funso limodzi lokha, ngati asilikali awo anachuluka ku labotale kuja. Dokotala anazengereza, kenako anati inde, anachuluka bwino kwambiri. Achemwali anagwedeza mutu, anati zikomo kwambiri dokotala, Mulungu akudalitseni pa ntchito yanu. Zikomo ameneyo anandipsetsa mtima kuposa china chilichonse tsiku limenelo. Ndife anthu otani ife, othokoza ngakhale potiuza kuti tipite tikafe?

Ndinamutsatira dokotalayo pakhonde n'kumuuza zoona, za amayi asanu ndi awiri, za chifuwa, za bodza langa pa foni. Ndinkafuna andikalipire. Iye anandigwira pamkono. Anati palibe angadziwe kumene chibayocho chinachokera, mwina chinachokera kwina, mwina ndinabwera nacho ine kuchokera ku wodi, ndiponso mwina chithandizocho sichikanagwira ntchito n'komwe. Zonsezo n'zoona, ndikudziwa, inenso ndimawauza abale a odwala zomwezo. Koma mwina ameneyo sanandithandize. Achemwali anasaina pepala lija akudziwa kuti ndi mwina. Chimene ankafuna n'choti akayese mwina wawoyo, ndipo sanafikeko.

Anawasamutsira ku nyumba yosamalira odwala amene atsala pang'ono, kunja kwa tauni, kumene mawindo ake amayang'ana kapinga ndi mitengo. Amayi a kutchalitchi atamva anayamba kufunsa maola ochezera. Apa ndiye mkango unadzuka mwa ine. Ndinalemba pa gulu paja ndi zilembo zikuluzikulu kuti palibe wobwera, ndatopa nanu. Achemwali atamva anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Ukutetezanso chiyani tsopano? Asiye abwere."

Anabwera. Amayi aja anali atachira bwinobwino, anenepa n'kunenepa. Anandikumbatira, anati andikhululukira chifukwa cha uthenga uja, akudziwa kuti ndi kutopa. Anandiuzanso kuti iwo sanadabwe kumva kuti achemwali anadwalika patangopita masiku atatu chiwapempherereni, chifukwa mdani amalusa pemphero likakhala lamphamvu. Ndinawayang'ana m'maso, mayi amene anandipatsa jekete langa loyamba, ndipo ndinati, "Zoonadi, amayi." Mpaka lero sakudziwa. Ndikakumana nawo ndimawagwirabe dzanja ndi manja awiri, ndipo ndikafika kunyumba ndimakhala osalankhula ndi munthu mpaka madzulo.

Masiku omaliza achemwali sankadya, ndinkangowanyowetsa milomo ndi kasiponji. Tsiku lina masana, dzuwa litatulukako pang'ono, ndinkawadzoza mafuta kumapazi. Ndinkaganiza kuti agona. Analankhula maso ali chitsekere.

"Iwe. Tsiku lija unamva?"

"Chiyani, achemwali?"

"Usandipusitse, ndinakulera ine. Chifuwa chija. Usanatsegule."

Manja anga anaima. Ndinaganiza zonama kachiwiri, koma munthu amene anakuphunzitsa kupukuta mamina sungamunamize.

"Ndinamva."

"Nanenso ndinamva." Anapuma kanthawi, mpweya unali wovuta. "Ndinafuna kukuwa kuti usatsegule. Mawu anafika apa." Analoza pakhosi. "Koma ndinati, ine ndibweze mayi amene anasunga mng'ono wanga? Ndinati nesi alipo, akana ndi iyeyo. Ine ndidzangonamizira kumukalipira pamaso pa anthu, mumtima ndikumuthokoza."

"Ine ndinkadikira inu," ndinatero. "Ndinu aakulu. Ndinati mukangoti iwe, ndiwabweza."

Anaseka, kuseka kopanda mawu kumene kunawapweteka m'mimba.

"Ndiye tonse tinali ndi ulemu."

Ndinagwada pambali pa bedi n'kuyamba kupepesa, koma anandiletsa ndi chala. Anatsegula maso. Munalibe mtendere m'maso amenewo, munali mkwiyo umene sindinauonepo chibadwire, ndipo sunali wa ine ndekha.

"Tamvera. Akadzayamba kunena kuti ndinali wokonzeka, kuti ndinapita mokondwa, iwe usadzavomere. Sindinakonzeke. Ndinkafuna kukhala ndi moyo, iwe. Ndinkafuna kwambiri."

Ndinalonjeza. Anamwalira patapita masiku anayi, m'mawa, ndili pomwepo.

Mwambo wowatsanzika tisanatumize thupi kumudzi unachitikira mu holo ina ku West Bromwich. Munadzaza, ena anachokera ku Coventry, ena ku Leicester, ena anabwera ndi mayunifolomu kuchokera ku shifiti. Amayi aja analankhula m'malo mwa amayi onse. Analira zenizeni, chifukwa ankawakondadi achemwali. Anafotokoza za Lamulungu lija, mmene anawapezera akuwala nkhope, mmene anaimbira alito, ndipo anati iwo anaona ndi maso awo kuti mwana wathuyu anali atakonzeka kale, anapita mokondwa kwa Atate. Holo yonse inati ameni.

Kenako anaitana ine kuti ndilankhule m'malo mwa banja. Ndinaimirira, ndinagwira maikolofoni, ndinaona nkhope zonse zija zotopa, zachikondi, zikundiyang'ana. Lonjezo langa linali pakamwa. Ndinathokoza abusa, ndinathokoza ophika, ndipo mwapadera ndinathokoza amayi onse amene anavutika kukwera mabasi pamvula kudzazonda achemwali kunyumba kwanga. Ndinakhala pansi, wina anandisisita pamsana, ati ndalankhula bwino.

Ndiye ndikulemba pano, poti pepala silingandiyang'ane m'maso. Achemwali anga sanakonzeke. Sanapite mokondwa. Ankafuna kukhala ndi moyo, ndipo chitseko ndinatsegula ndine.